FUNSANI ANAMWINO: Achemwali anakakoketsa nkhope, pano mlomo wapindika, abwererenso ku mpeni?

Moni nonse owerenga. Mwezi uno ndatola makalata anayi pa mulu womwe unabwera, onse ndi a konkuno ku Zomba ndipo atatu mwa iwo akukamba nkhani imodzi, ya opareshoni yokoka khungu la kumaso ndi la m'khosi kuti makwinya achoke, ija madokotala amati facelift ndi neck lift. Kale zimenezi tinkangoziona pa TV koma pano azimayi athu omwe akumapita ku Johannesburg, ku India, ena mpaka ku Istanbul, kubwerako mwakachetechete, nde zikavuta amasowa kolowera chifukwa dokotala anawachekayo ali kutali ndipo kuno akuchita manyazi kunena. Maina sindilemba monga mwa nthawi zonse, komanso zomwe ndikuyankha pano sizikulowa m'malo mokaonana ndi dokotala pamasom'pamaso.

FUNSO

Anamwino, ndine mayi wa ku Matawale. Achemwali anga aakulu ali ndi zaka 57, amaoda katundu ku Johannesburg nde ulendo wina anakachititsa opareshoni ya nkhope ndi khosi osatiuza abalefe, tinangoona abwera atamanga duku mpaka m'makutu. Pano patha masabata 7. Vuto ndi loti akaseka mlomo wam'munsi umathawira mbali imodzi, mbali inayo siitsika, khutu lamanzere akuti sakulimva olo mulitsine, komanso pansi pa chibwano pali timibulu tolimba. Sakutuluka m'nyumba, kutchalitchi anasiya, akungolira kuti anadziwonongera nkhope. Akufuna agulitse puloti yawo ya ku Thondwe kuti apite kwa dokotala wina akawakonzenso mwezi uno omwe. Ife timawathowa ndi madzi otentha madzulo aliwonse kuti mwina zifewe. Tiwalole apite?

YANKHO

Mayi, ndiyambe ndi zothowazo, musiye lero lomwe chonde. Khungu lomwe lachita dzanzi silimva kutentha, munthu atha kupsa mpaka matuza iye osamva kanthu, ndipo khungu limeneli linachita kunyamulidwa n'kukokedwa nde magazi sakuyendamo bwino ngati kale, likapsa limachedwa kupola ndipo chipsera chake chimaipa kuposa cha mpeni wa dokotala. Dirayala ya ku saluni nayonso ayambe aisiya.

Ndiye puloti ija asagulitse. Pa masabata 7, pa zifukwa mwatchulazi, dokotala wodziwa ntchito yake sangavomere kutsegulanso nkhope imeneyo, ndipo akapezeka wina wovomera msangamsanga n'kutchula mtengo pa foni, ameneyo ndi wofunika kumuthawa.

Ndifotokoze zomwe zinachitika ku fiyeta kuti mumvetse. Dokotala amacheka kuyambira m'tsitsi pamwamba pa khutu, kutsika kutsogolo kwa khutu, kuzungulira pomwe timavala ndolo n'kukwera kuseri, ndipo ngati akukonzanso khosi amachekanso pang'ono pansi pa chibwano. Kenako amanyamula khungu, kukoka kamnofu kopyapyala ka pansi pake komwe amakatcha SMAS, m'khosimo amamanga mnofu wina wotchedwa platysma, khungu lotsala n'kulidula. Pansi pomwepo ndi pomwe pamadutsa mitsempha, osati ya magazi yokha ayi komanso ija yotenga uthenga kuchokera ku ubongo. Mtsempha woyendetsa nkhope umatulukira pansi pa khutu n'kugawikana nthambi zisanu, ina yokweza nsidze, ina yotseka diso, ina ya tsaya ndi mlomo wam'mwamba, ndipo ziwiri zam'munsizo ndi zomwe zimatsitsa mlomo munthu akamaseka. Achemwali anu yakhudzidwa ndi imodzi mwa ziwirizi.

Koma nthawi zambiri sikhala kuti yaduka. Imakhala yangokokeka, kapena yafinyika ndi kutupa, kapena yatenthedwa pang'ono ndi kachipangizo kamagetsi komwe amaletsera magazi pocheka. Mtsempha wotere umadzuka wokha, ena pa masabata ochepa, ambiri pofika miyezi 3 mpaka 6. Olo womwe wavulala kwambiri umaphukanso, kungoti pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndipo palibe mpeni ungaufulumizitse. Oti mlomo unakhaliratu wopindika alipo inde, koma sakwana mmodzi pa anthu 100. Muziwajambula pa foni masabata awiri aliwonse, malo omwewo, kuwala komweko, akuseka, akuonetsa mano am'munsi, akuyesa kuimba mluzu. Munthu wodziyang'ana pagalasi kakhumi pa tsiku saona kusintha, koma zithunzi zikaikidwa pamodzi zimaonetsa, ndipo dokotala aliyense yemwe adzawaone zidzamuthandiza. Ngati kudikirako kukuwavuta kwambiri, katswiri atha kubaya mankhwala ofooketsa mnofu otchedwa Botox pang'ono mbali yabwinoyo kuti milomo ifanane, mphamvu yake imatha yokha pa miyezi 3 kapena 4.

Apa mumvetsere bwino. Ngati kupindikako kwangobwera mwadzidzidzi pano osati kuchokera tsiku la opareshoni, kapena mkono wafooka, lilime likulemera, mawu sakumveka, imeneyo si nkhani ya facelift, ikhoza kukhala sitiroko, muthamange nawo ku Zomba Central ola lomwelo. Chimodzimodzi diso likamakana kutseka pogona, limenelo silidikira, limauma n'kuchita zilonda.

Za khutu ndi mtsempha wina, wongomva kukhudza basi, umakwera m'mbali mwa khosi kupita ku khutu ndipo ndi womwe umavulala kawirikawiri kuposa ina yonse pa opareshoni imeneyi. Kumva mawu sikukhudzidwa. Dzanzilo limachepa pa miyezi, pena mpaka chaka, ndipo pobwerera pamayamba kuyabwa kapena kulasalasa, asadabwe. Ena kachigawo kakang'ono kamatsala kadzanzi mpaka kalekale, ndinene chilungamo.

Timibulu ta pansi pa chibwano tingakhale zinthu zingapo. Kawirikawiri ndi chipsera chamkati, chimalimba kwambiri cha m'masabata omwe ali panowa kenako n'kumafewa pofika miyezi 3 mpaka 6. Pena ndi madzi anaunjikana omwe dokotala amangopopa ndi jakisoni, pena ndi mfundo ya ulusi wamkati, penanso ndi tizigawo topanga malovu tomwe aliyense ali nato pansi pa nsagwada, kungoti kale tinabisika ndi mafuta ndipo pano mafutawo anachotsedwa. Izi sitingazisiyanitse pa kalata, apite akawagwire madokotala a maopareshoni ku Zomba Central, ngati pafunika sikani awauza. Pakafiira, kutentha, kutuluka mafinya kapena thupi kutentha, asadikire tsiku la kiliniki.

Nanga n'chifukwa chani ndikukaniza opareshoni yachiwiri panopa? Taganizirani diresi yomwe telala anaidula kale n'kuichepetsa, mukabwerera nayo nsalu yoti agwire imakhala yochepa ndipo modutsa singano mumang'ambika msanga. Khungu lina linadulidwa kale, lotsalalo likumanga mitsempha ya magazi yatsopano, mkatimo muli zipsera zomwe zamatirira chilichonse moti dokotala saona bwino pomwe mtsempha wa nkhope wadutsa, nde mtsempha womwe ukanachira wokha atha kuudula zenizeni. Komanso kutupa kusanathe palibe angadziwe kuti chofunika kukonza n'chiti. N'chifukwa chake akatswiri amadikira miyezi yosachepera 6, ndipo ambiri amakonda chaka chathunthu. Zambiri zomwe munthu amalira nazo pa mwezi wachiwiri pofika mwezi wa 9 zimakhala zatha zokha, ndipo chotsalacho nthawi zambiri ndi kantchito kakang'ono kongobaya jakisoni wa dzanzi osati kugonekanso munthu.

Podikirapo pali ntchito. Alembere dokotala anawachita uja, amutumizire zithunzi, apemphe lipoti la opareshoni lolembedwa, lonena njira anagwiritsa ntchito, zomwe anachita m'khosi ndi mankhwala anawapatsa. Afunsenso kuti zokonzanso amazitani, madokotala ena ntchito yawo salipiritsanso pakafunika kukonza m'chaka choyamba ngakhale fiyeta ndi wogonetsa umalipira wekha. Dzina la dokotalayo mutha kulifufuza pa intaneti mu kaundula wa HPCSA, bungwe lomwe limalembetsa madokotala ku South Africa, kuti muone ngati ndi katswiridi wa plastic surgery, maopareshoni okonza maonekedwe a thupi, ndipo madandaulo amalandiranso komweko.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu si mlomo ayi, ndi kudzitsekera m'nyumbako. Kukhumudwa pambuyo pa opareshoni ya nkhope kumachitika kwa anthu ambiri olo zitayenda bwino. Musawakalipire kuti munapitiranji, zachitika kale. Muzikhala nawo, muzituluka nawo olo madzulo kukangoyenda pang'ono. Akasiya kudya, kugona, kapena akayamba kuyankhula zoti bola kufa, musazitenge mopepuka, kuno ku Zomba akatswiri a za maganizo tili nawo pafupi, mupite nawo.

FUNSO

Anamwino, ndine bambo wa ku Chinamwali. Mayi akunyumba ali ndi zaka 49, anaona pa Facebook zoti ku Istanbul akuchita neck lift ndi facelift pamodzi, hotelo ndi galimoto zonse mommo, masiku 6 n'kubwerako. Ndalama akhala akusunga ku banki m'khonde. Ine sindikuwaletsa koma ali ndi BP, mankhwala amamwa mwa apo ndi apo, komanso amadzola mafuta oyeretsa khungu kwa zaka zambiri. Ineyo ndimasuta. Chingavute n'chani?

YANKHO

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanalipire dipoziti, ndipo mmene mwafotokozeramu ine ndikuti ulendowu uyambe waima.

Vuto lomwe limabwera kawirikawiri kuposa onse ndi magazi kutuluka mkati n'kuunjikana pansi pa khungu, madokotala amati hematoma. Limagwera mayi mmodzi mpaka atatu pa 100 aliwonse, amuna kuposa pamenepo chifukwa khungu la ndevu lili ndi mitsempha ya magazi yambiri, ndipo nthawi zambiri limabwera m'maola 24 oyambirira. Mbali imodzi imayamba kupweteka kwambiri kuposa inzake, kutupa mofulumira, kulimba, khungu kuda, ndipo ngati ndi m'khosi magaziwo atha kufinya njira ya mpweya munthu n'kumabanika. Mankhwala ake ndi kubwerera ku fiyeta usiku omwewo kukatsegula, palibe zodikira kuche. Nde funso loyamba muwafunse anthu a pa Facebook aja ndi ili: usiku woyamba mayi agona kuchipatala kapena ku hotelo, ndipo akatupa 2 koloko usiku abwera ndani?

Chomwe chimaputa magazi amenewa kwambiri ndi BP yomweyo. Nambala yam'mwamba ikamapitirira 150 chiopsezo chimakwera, ndipo munthu womwa mankhwala mwa apo ndi apo BP yake imalumpha akangomva ululu, akasanza kapena akatsokomola. Ayambe kumwa tsiku ndi tsiku, aziyezetsa, manambala azilembedwa m'kabuku ka kuchipatala kwa miyezi ingapo. Mapilisi omwe timangogula pa golosale monga aspirin, Brufen, Indocid ndi diclofenac amachedwetsa magazi kuundana, chimodzimodzi makapusozi a adyo, a mafuta a nsomba, vitamin E ndi ginkgo, amafunika kusiya sabata imodzi kapena ziwiri opareshoni isanafike. Koma ngati aspirin anawalembera ndi dokotala chifukwa cha mtima asasiye okha, afunse kaye.

Mafuta oyeretsawo ndi nkhani yaikulu kuposa mmene anthu amaganizira. Ambiri mwa iwo muli mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol kapena betamethasone, khungu limapyapyala, timitsempha kuonekera, bala kuchedwa kupola, masitichi kung'amba khungu m'malo moligwira. Kuonjezera apo munthu wodzola zaka zambiri thupi lake limachepetsa kupanga mphamvu ina yomwe imafunika pa nthawi ya opareshoni, moti BP itha kugwa ali chigonere pa tebulo. Wogonetsa ayenera kuuzidwa zimenezi mosabisa, atengere botolo lomwe. Ndipo asangosiya lero ndi lero, khungu limalusa, apite ku kiliniki ya khungu awathandize kusiya pang'onopang'ono. Shuga ngati alipo, ma ARV ngati akumwa, zonse anene, sizoletsa opareshoni zikakhala kuti zili m'malo koma kubisa ndi komwe kumapweteketsa.

Fodya wanuyo bambo akukhudzanso. Nicotine amafinya timitsempha ta magazi, ndipo khungu lomwe lanyamulidwa limadalira timitsempha timeneti, likasowa magazi limafa, kuda bii makamaka kuseri kwa khutu, n'kusiya chilonda chotenga miyezi. Wosuta amauzidwa kusiya masabata 4 opareshoni isanachitike ndi ena 4 itachitika, ndudu, shisha, vape, olo fodya wa pamphuno. Inuyo musamasutire m'nyumba kapena m'galimoto ali momo.

Masiku 6 ndi ochepa. Masitichi a pankhope amachotsedwa pakati pa tsiku la 5 ndi la 10, magazi atha kutulukabe mkati mpaka sabata yachiwiri munthu akanyamula chikwama cholemera, ndipo madokotala ambiri salola ndege ya mtunda wautali pasanathe masiku 10 mpaka 14. Ulendo wochoka ku Istanbul kudutsira ku Addis Ababa kapena Nairobi mpaka kufika kuno ndi maola ambiri munthu ali chikhalire, magazi atha kuundana m'mwendo n'kuthawira m'mapapo. Katumba wa mwendo umodzi akatupa ndi kupweteka, kapena chifuwa kubaya ndi kupuma mobanika, ndi za changu zimenezo.

Ngati akufunabe zonsezi zitakonzeka, adziwe dzina la dokotala weniweni yemwe adzagwire mpeni, ayankhule naye iyeyo pa vidiyo osati mtsikana wa pa WhatsApp wotsatsa malonda, apemphe zithunzi za anthu akuda anzathu patatha chaka, zoonetsa kuseri kwa makutu. Ndipo pa bajeti pakhale ndalama ya ulendo wachiwiri, chifukwa chikavuta mtengo wotsika uja suphatikizapo tikiti yobwerera.

FUNSO

Anamwino zikomo chifukwa cha tsamba lino. Ndimakhala ku Mpondabwino, ndinachitidwa facelift ku India miyezi 11 yapitayo nditaperekeza m'bale kuchipatala. Nkhope ili bwino ndithu koma kuseri kwa makutu onse kwatuluka zipsera zotupa, zolimba, zonyezimira, zimayabwa usiku osagona ndipo zikukulirakulira. Khutu limodzi pomwe ndimavala ndolo panakokekera pansi n'kumatirira ku tsaya, tsitsi la m'mbali linathothoka. Ndili mtsikana nditaboola makutu panatulukanso kotupa kotere koma sanandifunse. Anzanga akuti ndimange ndi ulusi zigwa zokha, ena akuti ndikangodulitsa. Nditani?

YANKHO

Mayi, ulusi ayi, lezala ayi, mankhwala otentha khungu aja amagulitsa mumsika ayi. Chilichonse chovulaza pamenepo chimangochiputa chipseracho kuti chikule kuposa.

Zipsera zotupa zilipo za mitundu iwiri. China chimatupa motsatira mzere wa bala basi osapitirira, ndipo pakatha chaka kapena chaka ndi theka chimayamba kuphwa chokha. Chinacho ndi keloid, chimadumpha malire a bala n'kumalowa pa khungu labwino, sichiphwa chokha, ndipo chimakonda ife a khungu lakuda kwambiri kuposa azungu, chimayendanso m'magazi pa banja. Tonse tinazionapo pa makutu a atsikana, pachifuwa, pa mapewa, pa mphini, kapena m'khosi mwa abambo pometa. Poti inu munali nacho kale pa ndolo ndipo izi zikukulabe pa miyezi 11, zikuoneka kuti ndi keloid. Funso limenelo linayenera kufunsidwa opareshoni isanachitike, ndipo aliyense akuwerenga pano yemwe anatupapo chipsera anene yekha olo asamufunse.

Chithandizo choyamba si mpeni. Ndi jakisoni wa triamcinolone wobaya m'chipsera momwemo, kamodzi pa masabata 4 mpaka 6, maulendo angapo. Amapweteka pobaya, sindikunamizani, koma kuyabwa kumachepa msanga ndipo chipsera chimafewa n'kuyamba kuphwa. Akachuluka kapena akabayidwa pambali khungu limayera ndi kulowa mkati, n'chifukwa chake obaya akhale wozolowera ntchitoyi. Pamwamba pake pamaikidwa silicone, ya pulasitala kapena yopaka, maola osachepera 12 pa tsiku kwa miyezi ingapo, imafuna kupirira. Kudula kokha osachita china chilichonse keloid imabwereranso mwa anthu oposa theka, pena yaikulu kuposa poyamba, nde dokotala akaganiza zodula amaphatikiza ndi majakisoni, kupanikiza pamalopo, ndipo kwina amawotchanso ndi radiotherapy bala likangosokedwa. Yambirani ku Zomba Central, ngati pafunika akatswiri a plastic surgery akulemberani kalata ya ku Queens ku Blantyre, ndi makilomita pafupifupi 65 basi, sizofuna kubwerera ku India.

Khutu lokokekalo limachitika khungu likadulidwa lambiri n'kusokedwa mokoka, kulemera konse n'kutsamira pa khutu. Limakonzeka ndi kaopareshoni kakang'ono ka jakisoni wa dzanzi, koma kwa inu ndi bala latsopano pa munthu wa keloid, nde ziyambe zagonja zakuserizo kenako mukambirane ndi dokotala ngati n'koyenera. Tsitsi lothothoka chifukwa cha kukokeka limamera pa miyezi 3 mpaka 6, lomwe silinamere mpaka pano mwina mizu inafa ndipo njira yake ndi kudzala tsitsi. Pakali pano musamange mesh yokoka m'mbali, guluu wa wigi asafike pa chipsera, mankhwala owongola tsitsi asakhudzepo, ndipo dzuwa la mu October lija muziphimba ndi chipewa kapena duku lomasuka poti limadetsa zipsera.

FUNSO

Anamwino ndine mtsikana wa zaka 28 ndimakhala ku Chikanda. Ine sindinachite opareshoni koma mayi wina wokonza nkhope m'tauni anandilowetsa timaulusi m'masaya kuti akwere, akuti thread lift, anandibayanso zina zake zodzadzitsa. Patha masiku 9, tsaya lamanja lafiira, likutentha, kaulusi kakutulukira ndipo pakutuluka mafinya, dzulo ndinamva kuzizidwa. Iye akuti ndimwe amoxicillin ndizipaka spirit. Kuchipatala ndikuopa akandilalatira. Ndingodikira?

YANKHO

Mwanawe usadikire, nyamuka lero, olo ukuwerenga izi usiku. Achemwali a ku Matawale aja ndawauza kuti adikire miyezi, iwe ndikukuuza kuti olo mawa ndi kutali. Tsaya lofiira, lotentha, la mafinya, thupi n'kumazizidwa, ndiye kuti tizilombo talowa ndipo tayamba kufalikira. Ulusi uli mkatimo ndi pobisalira pawo, mapilisi okha safikapo bwino, kawirikawiri umafunika kuchotsedwa ndi mafinya kutulutsidwa ndi dokotala, pena mankhwala ake ndi a m'diripi. Usaukoke wekha poti uli ndi timinga togwira mnofu, usafinye, spirit usiye akungowotcha bala. Matenda a pankhope sitisewera nawo chifukwa mitsempha ya magazi ya pamenepo imalumikizana ndi ya kuseri kwa maso ndi ya mu ubongo.

Zobayazo ufunse kuti zinali chani, akutumizire chithunzi cha paketi kapena botolo. Ngati ndi hyaluronic acid alipo mankhwala osungunula otchedwa hyaluronidase, koma ngati ndi silicone wamadzi kapena mafuta osadziwika sizisungunuka ndipo dokotala ayenera kudziwa. Ukaona khungu likuyera kapena kuchita mawangamawanga akuda, kupweteka koopsa, kapena diso kuona mwachimbuuzi, unene pakhomo pomwe kuti akuone mwachangu.

Za kulalatiridwa ndikumva, ndipo sindinganene kuti sizichitika. Tenga mnzako kapena mchemwali wako akuperekeze, ukafika unene zonse mmene zinakhalira, tsiku, chomwe anakulowetsa, mapilisi wamwa kale ndi angati. Ukangoti ndi chithupsa adzakupatsa mankhwala a chithupsa ulusi n'kutsala mommo. Ku Zomba Central odwala mwadzidzidzi amalandiridwa usana ndi usiku.

Ukachira, kulowetsa ulusi pansi pa khungu ndi kubaya nkhope ndi ntchito ya chipatala, wochita ayenera kukhala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo uli ndi ufulu wokafunsa kumeneko ngati mayiyo ali m'kaundula ndi kukadandaula ngati mulibe. Mameseji onse a pa WhatsApp, umboni wa ndalama unatumiza ndi zithunzi za tsayalo tsiku ndi tsiku usafufute. Popita kuchipatala utenge kabuku kako, mapaketi a mankhwala onse wamwa, ndi zovala zosinthira poti atha kukugoneka.